Tsiku Limene Gwape Anazula Mafuwa

Panangokhalatu, kale lija nyama zinkapemphana moto paphale ngati mmene tichitira ife. M'mawa wina Gologolo anadzidzimuka ndi mawu ochokera kuseri kwa chipupa. Chipupacho chinali cha bango, chomata mwa apo ndi apo, moti wina akayetsemula uko mnzake ankapepesa ali kuno.

"Ndazula ine! Tulukani mukawaone, ali pakhomopo onse atatu."

Amenewo anali mawu a Gwape, mwana wa mlongo wake wa Gologolo. Woyankha anali mwamuna wake Njiri, mkamwini wa pamudzipo.

"Amake Lekeleni, mafuwa akulakwirani chiyani?"

"Mafuwa sanandilakwire. Khosi langali ndi limene latha. Dzulo ndinachoka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka, mtolo pamutu, mwana kumbuyo. Kufika pano ndiyambe kuuzira moto, utsi m'maso, mwana kutsokomola. Inu n'kungosuzumira, amvekere, 'Zapsa kodi?'"

"Ndiye ndisafunse? Ine ndimalimatu. Nkhokwe ili apoyo anadzaza ndani?"

"Kadyeni chimangacho chosaphika."

"Mayi, anzathu onse amaphikira nkhuni. Nkhuni n'zaulere. Chauta anangozimwaza m'tchire kuti tizitola."

"Zaulere?"

Gwape anaseka, kuseka kuja kwa munthu amene misozi ili pafupi. Pomwepo mwana anayamba kutsokomola, kachifuwa kouma kokoka.

Gologolo anakhala tsonga. Mwambo wa pamudzipo unali wakuti mkazi akazula mafuwa, mwezi watsopano n'kuoneka asanawabwezere, ukwati watha. Mkamwini apinde mphasa yake azipita kwawo. Ndipo mwezi unali utadyeka kale, kutangotsala kachidutswa.

Nkhaniyi inamupweteka Gologolo pawiri. Iyeyo ndiye anali nkhoswe wa ukwatiwo. Musandifunse kuti gologolo anakhala bwanji malume wa gwape, zachibale n'zazitali. Chinanso, chibadwire Gologolo anali asanakolezepo moto m'nyumba mwake. Ankangonyamula phale kukapempha moto kwa Gwape, ndipo nthawi yake yopempha inkangokumanizana ndi nthawi yopakula. Phale linkabwerera lopanda khala, mwini wake akupukuta kukamwa. Komanso tinene chilungamo, awiriwo ankawakonda. Anali ataonapo Njiri akusankha masuku okoma kwambiri n'kuwasunga njira yonse, iye ali ndi njala, kuti akapatse mkazi wake.

"Odi kuno!"

"Lowani, amalume."

"Ndamva zonse," anatero Gologolo akukhala pampando. "Osati mwadala ayi. Chipupachi ndicho chilibe mwambo."

"Ankhoswe, auzeni abwezere mafuwa," anatero Njiri.

"Amalume, auzeni abwereke khosi langa, ine ndibwereke lawo."

"Taimani kaye nonse. Moto suli umodzi padziko pano. Ulipo wa a Nyani, ulipo wa a Katumbu, ulipo wa a Gulo. Tiyeni tiuyese wonse tione wotchipa ndi uti."

"Kuyesako alipira ndani?" anafunsa Njiri.

"Zimenezo ndisiyireni. Inu mutulutse nyemba basi, poti nyemba sizipsa ndi moto wachibwana. Koma tisunge mwambo wa makolo uja, wakuti aliyense amene waponyapo kanthu pamoto amabwera ndi mbale yake n'kudya nawo za mumphikamo."

Njiri anagwedeza mutu. "Wolipira ndine, ndiye kuti wodya ndine. Ndavomera."

Gologolo anathamangira kwa Nyani, wootcha makala. "A Nyani, zimene akunena a Katumbu mwazimva? Akuti makala anu amangodetsa mphika, nyemba sangapsetse."

"Anena ndani? Kathyali wonyowa uja?"

Anapita kwa Katumbu, bwana wa damu, n'kumuuza kuti Gulo akuti moto wochokera m'madzi ndi nthabwala. Anapitanso kwa Gulo n'kumuuza kuti awiri enawo akumuseka mpaka kugwirana. Dzuwa lisanafike pamutu onse atatu anali atalumbira kuti adzaphika ulere, mudzi wonse ukuona.

Woyamba anali Nyani. Anabwera ndi mbaula ndi thumba la makala, n'kukoleza, makala ali psuu. Nyemba zinabwata bwinobwino. Utsi unali wochepa, ndipo Gwape ankangoyang'anayang'ana kumbuyo, kudabwa kuti mwana sakutsokomola.

"Mtengo wake?" anafunsa Njiri.

"Kambale ka chimanga patsiku, basi."

"Kambale kokha? Amake Lekeleni, nkhani yatha."

Nyemba zitapsa Gologolo analawa mchere, n'kulawanso, poti nkhoswe sathamangira kuweruza. Kenako anakwera pamtondo n'kuyamba nyimbo. Inali ya kayimbidwe ka amayi posinja, yokoka poyamba n'kudumpha kumapeto. Mawu ake ankafunsa mphika kuti wafunda ndi thukuta la yani, n'kuitana mwini thukutalo, kaya ndi wamng'ono kaya ali kutali, kuti abwere ndi mbale yake asachite manyazi. Amayi odzaonerera anaigwira msanga n'kumavomera ndi m'manja.

Isanathe n'komwe, Njiwa anatera ndi ana ake, aliyense kambale kukamwa.

"Chisa chathu chinali mumtengo umene uli m'thumbamo."

Gologolo anawapakulira. Kunabwera Njuchi, zakuti mphako yawo inalowa mu uvuni. Kunabwera Nkhwali, wakuti mvula itagwa madzi anatsika paphiri limene Nyani anameta n'kukokolola munda wake wonse. Kunabwera mkazi wake wa Nyani yemwe, manja ali zipsera zokhazokha, akutsokomola kuposa Lekeleni. Pomalizira Gwape mwini wake anatambasula mbale.

"Aa, inunso?" anatero Njiri.

"Nkhuni zinali kuseri kwa mudzi kuno a Nyani asanayambe kudula. Ulendo wanga unatalika chifukwa cha thumba limeneli."

Nyani anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. "Ndiye ana anga adye chiyani? Munda wanga ndi miyala yokhayokha. Mukuganiza kuti ndimakonda kugona pa uvuni?"

Ankanena zoona. Gologolo anangomupakuliranso iyeyo. Pofika pa Njiri mumphika munali mbee, ndipo anangonyambita chipande.

M'mawa mwake kunabwera Katumbu, nsapato zikulira. Anakoka nthambo yaitali kuchokera kumtsinje, kumene madzi ankazunguza gudumu lake, n'kuilumikiza ku kachitsulo kozungulira. Anangodina penapake, kachitsulo kaja n'kufiira. Panalibe utsi, panalibe phulusa, kunsi kwa mphika kunali koyera ngati wogula kumene.

Gwape anayandikira n'kutambasula manja pamwamba pake. "Ndi moto umenewu? Wosaluma m'maso?"

"Wosaluma, mayi. Wosafuna kuuzira, wosafuna kusenza."

Lekeleni anagona tulo kumbuyo kwa mayi ake, kakamwa kali yasa. Gologolo anaona mmene Gwape ankayang'anira kachitsuloko, ngati mmene mayi amayang'anira nsalu ya pamsika imene akudziwa kuti sagula.

"Mtengo wake?" anafunsa Njiri.

"Dengu la chimanga mwezi uliwonse. Mitengo yoimikira nthambo mugula nokha, poti muli kutali ndi msewu. Ndiye chilimwe madzi akachepa, motowu umayamba wapuma."

"Umapuma nthawi yanji?"

"Suuza munthu."

Nyemba zitapsa Gologolo analawa mchere monga mwa ntchito yake n'kukwera pamtondo. Nyimbo inali yomwe ija, koma ulendo uno amayi anayamba kuvomera iye asanamalize kufunsa. Katumbu ankangomwetulira, poti iye sanadulepo mtengo wa munthu.

Kanthawi kanapita. Kenako kunamveka phapha phapha, mapazi onyowa. Anali Achule, aliyense ndi mbale ziwiri.

"Imodzi ndi yathu, poti madimba athu anamira damu litatsekedwa. Inayi atituma a Matemba. Akuti khoma la damulo linawatsekera njira yopita kumtunda kokaikira mazira, koma pamtunda pano sangafike."

Kumbuyo kwawo kunkabwera Nkhanu, mkulu wokalamba, akuyenda chammbali, manja ali lende.

"Mbale yanu ili kuti, akulu?" anafunsa Gologolo.

"Sindinadzere nyemba ine. Manda a mkazi wanga ali pansi pa madzi aja. Chimangireni damulo palibe anandifunsapo kanthu. Lero ndamva nyimbo ikufunsa, ndiye ndati ndikayankhe."

Amayi anasiya kuwomba m'manja. Gwape anatenga mbale yakeyake, n'kupakula yekha, n'kukaiika pamaso pa mkuluyo atagwada.

Katumbu anayang'ana pansi. "Pepani, akulu. Komabe awa analipira kamodzi, pamene moto wanga ukuphikira midzi yambiri tsiku ndi tsiku."

"N'zoona zimenezo," anatero Gologolo. "N'chifukwa chake lero mumphika mwatsalako."

Munatsala tinyemba ta pansi pa mbale, ndipo Njiri anadya akung'ung'udza. "Dengu mwezi uliwonse? Nkhokwe ija singatifikitse pokolola."

Gwape sanatsutse. Nkhokweyo ankaidziwa bwino kuposa mwamuna wake, poti wotapamo anali iye.

Tsiku lotsatira linali lomwe mwezi watsopano unkayembekezeka madzulo ake. Gulo anafika m'mawa, mutu wake wobiriwira ukugwedera, atasenza chimbale chachikulu chonyezimira. Anachilozetsa kudzuwa, n'kukhazika mphika pakati pake, iye n'kukagona pamwala.

"Moto uli kuti?" anafunsa Njiri.

"Uli kumwambako. Chimbalechi chimangousonkhanitsa."

"Mtengo wake?"

"Nkhokwe yonse, kamodzi kokha. Mukatero basi. Dzuwa silidzakutumizirani munthu wodzatolera."

Njiri anatsamwa ndi malovu. Koma mphika unayambadi kulira, kenako kubwadamuka, popanda nkhuni ngakhale imodzi. Gologolo sanadikire kuti zipse. Anakwera pamtondo n'kuyimba, amayi akuvomera. Anayimba n'kubwereza, osaoneka munthu. Gulo anayamba kugwedeza mutu monyada. Ndiye dothi linatukumuka pafupi ndi mtondo, n'kutuluka Mfuko, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi, kambale kophwanyika m'manja.

"Ndachokera kutali, kumene timakumba miyala yopangira zonyezimirazi. Tiliko ambiri, koma ulendo ndi wautali. Anzanga andituma ndekha."

"Mbale imodzi yokha," anatero Gulo. "Mwaona?"

Atangotero, mtambo unaphimba dzuwa. Mphika unasiya kulira.

"Uzani mtambowo uchoke," anatero Njiri.

"Dzuwa si wantchito wanga, akulu. Timangogwirizana."

Gwape anafunsa mofatsa. "A Gulo, phala la mwana ndimaphika kusanache. Nanga dzinja, mitambo ikamata kumwamba osachoka?"

"Lilipo bokosi losungira dzuwa, mayi. Koma limafuna nkhokwe yachiwiri."

Madontho a mvula anayamba kugwa. Gwape anamangira Mfuko chinangwa pakansalu kuti azikadya m'njira, odzaonerera n'kubalalika. Gologolo anagwira mphika wotentha uja ndi masamba.

"Nyemba zosapsa zimatupitsa mimba. Ndikazitaye kudzala."

Kudzala sanafikeko. Analowa nawo m'nyumba mwake, n'kuukwirira mudengu limene ankagonamo, pakati pa thonje ndi makoko a chimanga, n'kufunditsa bulangete pamwamba kuti fungo lisamuulule. Kenako anabwerera kwa Gwape nkhope ili yachisoni.

Anapeza Njiri akuyendayenda m'nyumba.

"Mwaona, ankhoswe? Wina ukudya mitengo, wina ukudya manda, wina ukudya nkhokwe. Ndinanena ine. Tibwerere ku nkhuni zathu zaulere."

"Mwalankhula zanzeru, akamwini. Koma nazonso ziyesedwe, mwambo wake womwe uja."

"Ziyesedwe! Pamenepa mbale ibwera yanga yokha."

Gwape anangokhala pamphasa akuyamwitsa. Mafuwa ake anali pakhomo akunyowa, ndipo mwamuna analibe chilolezo chowakhudza. Choncho Njiri anatola njerwa zophwanyika, n'kutenga mtolo womaliza umene mkazi wake anasiya pakhonde, n'kukoleza m'nyumba momwemo chifukwa cha mvula. Nkhuni zinali zitanyowa. Anauzira, utsi uli tolotolo. Anauziranso, misozi ikutsikira m'mano ake aatali aja. Nyemba inu mukuzidziwa, sizimva kuchonderera. Anasonkhezera, kuthira madzi, kusonkhezeranso, mpaka mtolo wonse unatha dzuwa litapendeka.

"Zapsa kodi?" anafunsa Gwape.

Njiri anamuyang'ana ndi maso ofiira.

Ulendo uno Gologolo sanalawe mchere, sanakwerenso pamtondo. Anaimirira pambali pa mphika n'kuyimba chapansipansi, ngati yogonekera mwana. Nyimbo inafunsa funso lake lija, inaitana mwini thukuta monga mwa nthawi zonse, koma panalibe amayi ovomera. Pamalo povomera panangomveka kachifuwa ka Lekeleni.

Gologolo anatsitsa mbale zonse za m'nyumbamo n'kuzindandalika pamphasa.

"Iyi ndi ya chifuwa cha Lekeleni." Anapakula. "Iyi ndi ya khosi la Gwape. Iyi ndi ya msana wake. Iyi ya maso ake."

"Nanga maso anga?" anatero Njiri. "Simukuwaona?"

Gologolo anatapa tinyemba kunsonga kwa chipande n'kumuikira m'dzanja. "Maso anu alipira lero lokha."

Anapitiriza. "Iyi ndi ya dimba lake la tomato, limene linauma mwini wake ali kunkhuni. Iyi ndi ya gule wa chinamwali amene anzake anavina iye ali m'njira." Anapalira pansi pa mphika n'kudzaza mbale yomaliza. "Ndipo iyi ndi ya tsiku lija Fisi anamuthamangitsa kunkhuni, n'kubwera mwendo ukutuluka magazi, n'kukuuzani kuti wapunthwa pachitsa."

"Amalume!" anatero Gwape.

"Unkauza mwana, iwe, ukumusambitsa. Ine ndinamva."

Njiri anatembenuka pang'onopang'ono. "Amake Lekeleni, n'zoona?"

"Ndinkaopa kuti mupita kukamenyana naye, n'kukafera komweko."

Njiri anayang'ana mbale zija zitazungulira mkazi wake, n'kuyang'ana tinyemba ta m'dzanja lake. Anatithira m'mbale ya mwana. Kenako anapita pakona n'kuyamba kupinda mphasa yake.

"Mwezi usavutike n'kuoneka. Ndipita ndekha. Zaka zonsezi ndimati ndikudya thukuta langa, osadziwa kuti ndikudya khosi la mkazi wanga. Munthu wotere asakhale pamudzi pa eni."

Wozula mafuwa anali Gwape, ndiye akanayamba bwanji kumuletsa? Anangoyang'ana malume ake, maso akulengeza misozi. Gologolo anaona kuti msampha wake wakola mopitirira. Iye ankafuna kuti mkamwini achite manyazi okhala nawo pansi, osati onyamuka nawo.

Anazemba n'kulowa m'nyumba mwake, mutu uli gwa. Anati atafuneko nyemba zosapsa zija, mwina nzeru n'kubwera. Atachotsa bulangete n'kuvundukula, nthunzi inamumenya kumaso. Anatola imodzi n'kuifinya. Inali phalaphala. Dengu lija linali litafungatira mphika ngati nkhuku pamazira, nyemba n'kumapsa zokha masana onse, popanda kuuzira kapena kusonkhezera.

Maganizo oyamba anali oti atseke chitseko adye yekha. Achiwiri anali oti athamange akawauze. Koma ankamudziwa Gwape: sakanalola kuphunzitsidwa zophika ndi mwamuna wosadziwa ngakhale kukoleza moto. Njiri naye, ndi manyazi amenewo, makutu anali atatseka. Komatu anthu awiri okangana akaona wakuba amathamangira mbali imodzi. Gologolo anayang'ana nyemba zija mwachisoni, n'kukankhira mphika kuchipupa, n'kuyamba kukupiza nthunzi ndi mchira wake, uku akutafuna mokweza dala.

"Bambo a Lekeleni, taimani," anamveka Gwape. "Mukumva fungolo?"

"Nyemba."

"Zathu zili apazi. Izo zikuchokera kwa amalume. Ndi mphika wanga wa m'mawa uja!"

Chitseko cha Gologolo chinatseguka ndi mwendo. Njiri anamugwira mchira n'kumunyamula m'mwamba, mphasa ikadali kukhwapa.

"Nkhoswe wakuba! Kudzala kwake ndi kuno?"

"Pepani, akamwini! Mchirawo ndi umodzi womwewo!"

Koma Gwape sanayang'ane wakubayo. Anagwada padengu, n'kupisa dzanja m'thonje muja, n'kukhudza mphika, n'kufinya nyemba imodzi.

"Amalume, mwasonkhezera chiyani?"

"Palibe, mwana wanga. Ine ndi moto tinadziwana liti? Ndinangofunditsa."

"Zinangobwadamuka kanthawi kochepa izi, mtambo n'kubwera." Gwape ankalankhula yekha, akuyang'ana dengu. "Ndiye kuti ndikabwatitsa pang'ono n'kufunditsa, zotsalazo lichita ndi dengu. Mtolo umene wathera mphika umodzi lero ukhoza kundiphikira miphika yambirimbiri. Ngakhale zitsononkho ndi mapesi a nandolo zikhoza kukwana."

"Mtolowo ndizikasenza ine," anatero Njiri.

"Anzanu akusekani. Mwamuna ndi mtolo pamutu?"

"Aseke. Mano anga ndi aatali kuposa awo. Fisi uja ndikufunanso tidziwane."

"Nanga utsi?"

"Ndikumba dothi la pachulu, timate mafuwa mozungulira kuti moto usamabalalike. Ndimanga kakhumbi panja, mwana azikhala kutali. Ndiye tikakolola ndikambirana ndi anzanga, mwina tingasonkherane n'kugula chimbale cha a Gulo chimodzi, chizizungulira makomo onse m'chilimwe."

"Muyambe mwaonetsa za mtolozo," anatero Gwape. "Zinazo ndi pakamwa. Komanso atsitseni amalumewo, magazi akuthamangira kumutu."

Anatuluka, mvula itakata, n'kutola mafuwa ake limodzilimodzi, n'kukawakhazika m'malo mwake. Kenako anabweranso kudzanyamula dengu.

"Nyembazo idyani, amalume, mwaziba mwaluso. Koma denguli ndatenga."

"Ndiye ine ndizigona pati?"

"Kuli mphasa iyo ili kukhwapa kwa akamwini anu. Sakupita nayo kulikonse."

Njiri anaiponya pansi msangamsanga, ngati ikumuotcha.

Atabwerera m'nyumba, Gwape anakhuthulira mbale zonse zija m'mbale imodzi yaikulu, ya khosi, ya msana, ya Fisi, zonse pamodzi. Anabweretsa chinangwa chotsala ndi madzi osamba m'manja, n'kukoka mpando wa mwamuna wake. Njiri anaukankhira kumbali. Anagwada pamphasa, maso ndi maso ndi mkazi wake, n'kusamba m'manja. Mukadzaona njiri ikudya chogwada musaiseke, zinayambira pamenepa, ndipo nthano yanga ndikuiphulira pomwepa isanapserere.

Njiri anakankhira nyemba zambiri kumbali ya Gwape.

"Izi n'zanu. Munalipira kale."

Gwape anazibwezera pakati.

"Musayambe. Mawa kunkhuni n'kutali. Idyani, bambo, zizizira."

Ndipo anapisa manja m'mbale imodzi.